Ku Toronto akulira munthu wamoyo

Lachinayi, 26 June 2025

Ndafika bwino. Tinanyamuka ku Lilongwe dzulo masana, usiku tinasintha ndege ku Addis Ababa, ndipo m'mawa uno ndatsika pa bwalo la Pearson miyendo itatupa ngati maungu. Anthu kwathu anandiopseza kwambiri za chisanu cha ku Canada, moti ndinakagula chijasi cha ubweya pa kaunjika wa ku Tsoka. Ndatuluka nditachimanga mabatani mpaka m'khosi, panja n'kupeza dzuwa la ku Nsanje. Achemwali aseka mpaka misozi. Palibe amene anandiuza kuti kuno June ndi mwezi wa thukuta.

Tisanalowe n'komwe mu msewu waukulu wa 401, alamu anatsegula wailesi. Amuna awiri amakalipirana m'Chingelezi chothamanga. Alamu anapukusa mutu.

"Alamu, mwabwera nthawi yoipa. Mudzi uno tili pachisoni."

Mtima unagunda. Ndinafunsa kuti watisiya ndani.

"Musawamvere awa," anatero achemwali ali mpando wakumbuyo. "Ndi za hockey."

Alamu amenewa ndinawadziwa ali a Maule enieni, ofika pa Kamuzu Stadium geti isanatsegulidwe. Lero zaka zingapo za ku Scarborough zawasandutsa a Toronto Maple Leafs. Hockey yake si ija ya mpira ndi ndodo pa udzu yomwe ena amasewera ku Blantyre. Iyi ndi ya pa ayezi, anthu atavala nsapato za mipeni kunsi, akulimbirana kamphira kakuda kaphwatalala kotchedwa puck. Ligi yake, NHL, inatha sabata yatha. Ndimaganiza kuti ligi ikatha anthu amapuma. Ayi, mkangano weniweni umayamba pamenepo.

Womwalira wakeyo ndi Mitch Marner, katswiri wa Leafs, ndipo ali moyo, wathanzi, wazaka 28. Kontrakiti yake ikutha Lolemba, ndipo Lachiwiri masana adzakhala mfulu kupita kulikonse. Pakhomo tinalandiridwa ndi mwana wa achemwali, wazaka 11, wobadwira konkuno, Chichewa chake chopunthwapunthwa. Wavala jezi ya buluu ya tsamba loyera pachifuwa, kumsana kwake nambala 16 ndi dzina la Marner yemweyo. Bambo ake atamuona anati, "Ukavule chimenecho, tikudya." Mwana sanavule.

Lachisanu, 27 June

Tulo tasokonekera. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinali maso gwa, thupi likuti ndi 10 koloko ya ku Area 25.

M'mawa alamu ananditengera ku Tim Hortons kukamwa khofi. Amakumanako ndi mkulu wina wa nyumba yoyandikana nayo, mzungu wokalamba yemwe anapuma pantchito yoyendetsa basi. Anandiitanitsira chomwe amati double-double, khofi wa shuga masupuni awiri ndi mkaka wokhuthala kawiri, n'kundiuza kuti mwini dzina la pa kapuyo, Tim Horton, anali wotchinga kumbuyo wa Leafs, ndipo analipo mu 1967 pamene timuyi inatenga chikho cha Stanley, cha akatswiri a NHL, komaliza. Mkuluyu akuti anali mnyamata wa sukulu chaka chimenecho. Dziko lathu linali ndi zaka zitatu zokha za ufulu.

Tili pomwepo mafoni analira pafupifupi tebulo lililonse. John Tavares wa Leafs wasaina zaka zina zinayi, pa $4.38 miliyoni pachaka. Kontrakiti yomwe ikutha imamupatsa $11 miliyoni pachaka. Munthu wagoletsa zigoli 38 chaka chino, n'kuvomera kudulidwa malipiro kupitirira theka kuti asachoke kwawo. Alamu anamenya tebulo, khofi n'kutayikira. "Mwamuna ndi ameneyu!"

Ine chinandidabwitsa n'chakuti aliyense amadziwa malipiro a aliyense, mpaka ndi timanambala ta kumapeto. Kwathu tikamva kuti wosewera wasaina, timangoona chithunzi atanyamula jezi, za ndalama timamva mphekesera m'minibasi. Ndinafunsa kuti ndalama za eni ake zikuwapwetekera mutu chifukwa chiyani, poti timuyi ndi yolemera. Mkulu uja anatenga kapepala kopukutira pakamwa ndi cholembera.

Mu NHL muli malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Chaka chathachi anali $88 miliyoni, chikubwerachi ndi $95.5 miliyoni. Kaya timu ndi yolemera bwanji, singadutse pamenepo. Anayamba kulemba motsika. Auston Matthews 13.25. William Nylander 11.5. Tavares 11. Marner 10.9. Anaphatikiza, n'kutembenuzira pepalalo kwa ine. Anthu anayi, onse akutsogolo, amadya kupitirira theka la mphika, ndipo otsalawo, pafupifupi makumi awiri, amagawana makoko. Apa ndinamvetsa. Wina akadula mbamu yaikulu, mnzake agona ndi njala, ndipo wogona ndi njalayo mwina ndi goloboyi kapena wotchinga kumbuyo amene ukumufuna zinthu zikafika povuta. Wochemerera wa kuno amayenda ndi masamu m'thumba.

Usiku tinaonera draft. Ndiyesere kufotokoza mmene ndamvera. Anyamata a zaka 18 ndi kuposerapo pang'ono sasankha okha timu. Matimu onse 32 amasankha mosinthana, maulendo asanu ndi awiri, ndipo omwe anachita moipa mu ligi ndiwo amayamba. Pamalo oyambirira penipeni amachita maere, ndipo chaka chino maere anagwera New York Islanders. Tangoganizani timu ya pansi pa Super League itapatsidwa ufulu wotenga mnyamata wabwino kwambiri m'dziko muno, Maule ndi Manoma akungoyang'ana. Kukanakhala mlandu.

Mwambowo unali ku Los Angeles koma akuluakulu a matimu anakhala kwawo n'kumaoneka pa kanema, ndiye zinatalika zedi, kupitirira maola anayi. Woyamba kutchulidwa anali Matthew Schaefer wa ku Hamilton, kufupi konkuno. Mayi ake anamwalira ndi khansa ya m'mawere chaka chatha. Pa jezi yomwe anamupatsa anasokererapo kansalu ka pinki, ndipo mnyamatayo anakapsompsona akulira. Achemwali, omwe tsiku lonse amanyoza hockey, anadzuka kupita kukhitchini akupukuta m'maso.

Ndinadikira kuti ndimve dzina la Toronto. Silinatchulidwe. Alamu akuti mwayi wawo wa ulendo woyamba anaugulitsa kalekale ku Chicago posinthanitsa ndi Jake McCabe, ndipo wa 2026 ndi wa 2027 nawonso anapita ku Boston ndi ku Philadelphia m'mwezi wa March. Ndinati ndiye mwagulitsa chimanga chisanakhwime m'munda. Sanaseke.

Loweruka, 28 June

Ine ndi mwana wa achemwali tinakwera sitima kupita m'katikati mwa mzinda, kutsikira pa Union Station. Iye patsogolo, jezi yake ija ili m'thupi, ine pambuyo ngati mlendo wa kumudzi.

Kunja kwa Scotiabank Arena kuli zosema za mkuwa za osewera akale zili pa mzere. Ananditchulira mmodzimmodzi, Johnny Bower, Dave Keon, Darryl Sittler, Mats Sundin, ndi Tim Horton wa khofi uja. Bambo wina wodutsa anaona nambala 16 ija n'kumuuza kuti ayambe kufunafuna dzina lina. Ananena moseka. Mwanayo anangoyang'ana pansi.

Hockey Hall of Fame, nyumba yosungira mbiri ya hockey, ili chapafupi, pomwe misewu ya Yonge ndi Front imakumana, ndipo chipinda cha zikho chili m'nyumba yakale ya banki. Chikho cha Stanley chomwe Florida Panthers anapambana pa 17 June chimayenda ndi eni ake nyengo ino, choncho chomwe tinachigwira ndi chinzake chokhala pompo. N'chachitali kufika m'chiuno, ndipo pamimba pake pali mikombero isanu yolembedwa maina a osewera onse a timu iliyonse yomwe inapambana. Wa pansi ukadzaza amachotsa wa pamwamba n'kuusunga, pansi n'kuikapo watsopano. Tinafufuza ndi chala mpaka tinapeza 1966-67, Toronto Maple Leafs. Ili pa mkombero wa pamwamba penipeni, wotsatira kuchotsedwa. Nthawi imeneyo ligi inali ya matimu asanu ndi limodzi okha.

"Amalume, akachotsa ndiye kuti ife palibe?"

Ndinati mpaka mutapambananso. Anagwedeza mutu ngati munthu wamkulu yemwe wamva nkhani imeneyi kambirimbiri.

Tikudya masana foni yake inalira. Toronto yasankha tsopano, pa nambala 64, mnyamata wa ku Norway wosewera ku Sweden, Tinus Luc Koblar. Pofika kunyumba madzulo tinapeza alamu akufotokoza kale za mnyamatayu, kutalika kwake, kuti amateteza bwino puck koma liwiro likufunika kuonjezera. Ndinafunsa kuti munamuonapo akusewera. Akuti aona timakanema titatu pa YouTube masana omwewo.

Lamulungu, 29 June

Kutchalitchi m'mawa, nyimbo zozizira, kutuluka pa ola lenileni. Za kumeneko ndi zomwezo.

Masana kuseri kwa nyumba kunali kuotcha nyama. Achemwali anaphika nsima ya ufa womwe ndabweretsa, ndi usipa wouma pambali. Anabwera mkulu wa basi uja, ndi bambo wina wa ku Chipata yemwe anakhalako ku Montreal asanasamukire kuno, ndipo mpaka pano amachemerera Canadiens, adani a Leafs achikhalire. Iyeyu anafika ali ndi matama chifukwa timu yake yatenga Noah Dobson ku Islanders Lachisanu, n'kumupatsa zaka zisanu ndi zitatu pa $9.5 miliyoni pachaka. Alamu anati alipira mopyola. Kuno ndaona kuti wosewera aliyense wa timu ya mnzako walipidwa mopyola.

Kenaka zinafika pa Marner, ndipo nyama ina inapserera pamoto.

Mlandu wa alamu ndi uwu. Mnyamatayu anasankhidwa pa nambala 4 mu 2015, wasewera zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chaka chilichonse timu imafika mu ndime ya chipulula. Mu ndime imeneyo mumakumana ndi timu imodzi mpaka wina atapambana kanayi. Pa zaka zonsezo Toronto yadutsa mdani kawiri kokha, Tampa Bay mu 2023 ndi Ottawa chaka chino. Pa 18 May, masewero achisanu ndi chiwiri, pakhomo pawo, Florida inawathira 6-1, anthu mpaka kuponya majezi pa ayezi. Alamu akuti usiku umenewo sanadye. Akuti munthu wolandira ndalama zotere amayenera kuoneka tsiku ngati limenelo, ndipo iye sanaoneke. Anaonjezera kuti mu 2019 anakoka zokambirana mpaka September kuti afinye kobiri lomaliza, komanso kuti m'mwezi wa March kunamveka kuti anakana kupita ku Carolina posinthana ndi Mikko Rantanen. "Apite. Ndimuperekeza ndekha pa Pearson."

Mkulu wa basi anadikira kuti amalize. Kenaka anafunsa mofatsa kuti mapointi 102 a chaka chino adzachokera kuti. Pointi ndi chigoli kapena kupatsira mnzako n'kugoletsa, ndipo akuti odutsa 100 pa chaka m'ligi yonse ndi owerengeka pa zala. Anati mnyamatayu amaseweranso timu ikakhala yoperewera munthu, ntchito yomwe akatswiri ambiri saigwira. Za Carolina anati kontrakiti yake inali ndi mfundo yoti sangamusamutse iye asanavomere, mkazi wake anali woyembekezera, ndipo amene anamupatsa mfundoyo ndi akuluakulu a timu omwewo. Anati iye waona mzinda uno ukuthamangitsa osewera abwino kuyambira kale, n'kumadzawalira atatenga chikho kwina. Anatchula Phil Kessel, yemwe anachoka mu 2015 n'kukapambana kawiri ku Pittsburgh, ndi Nazem Kadri yemwe anakapambana ku Colorado mu 2022.

Wa ku Chipata anangoti, "Pitirizani, ine nikumva bwino," akutsomphola nsima.

Anandifunsa maganizo anga. Kwa eni kulibe mkuwe, komabe ndinanena. Ndinati ine ndikuona ngati mlandu wa Marner si zigoli ayi. Ndi woti anabadwira ku Markham, pamphuno pa mzinda uno, anakula akuchemerera timu yomweyi, ndipo mwana wa pakhomo akafuna malipiro onse a pamsika zimapweteka kuposa akafuna mlendo. Matthews ndi wa ku Arizona, amalandira zambiri, mu chipulula nayenso amazirala, koma mkwiyo wake sufika pamenepa. Alamu anati sindikudziwa hockey. N'zoona.

Chakumadzulo kunamveka kuti Matthew Knies, wazaka 22, wagwirizana ndi timu zaka zisanu ndi chimodzi pa $7.75 miliyoni pachaka. Pamenepa pokha onse anavomerezana, ngakhale wa ku Chipata.

Lolemba, 30 June

Ulendo wa ku Niagara. Maola awiri pa galimoto, nyanja ya Ontario kumanzere, kudutsa m'mbali mwa Hamilton ndi mafakitale ake a zitsulo. Mathithiwo ndi otambalala ngati chiboda cha kavalo, madzi obiriwira akugwa mosalekeza, nthunzi ikunyowetsa anthu mpaka pa msewu. Amene anaona a ku Livingstone anena kuti awa ndi aafupi, ndipo sananame, koma mkokomo wake umamveka m'chifuwa. Chijasi cha ku Tsoka chikanagwira ntchito lero, koma ndinachisiya kunyumba.

Ndili chiimire pa mpanda, ndinacheuka kuti ndiwapemphe alamu andijambule. Anali atafulatira mathithi, maso pa foni. Pafupi nawo amuna ena awiri osawadziwa analinso chimodzimodzi, ndipo posakhalitsa atatuwa anali akuyankhulana ngati anakulira limodzi.

Marner wapita ku Vegas Golden Knights. Zaka zisanu ndi zitatu, $96 miliyoni, kutanthauza 12 pachaka. Ndinawerengera pa mtengo wa kubanki, ndi pafupifupi K21 biliyoni chaka chimodzi. Ndinawerengeranso kachiwiri poganiza kuti ndachulukitsa ziro.

Pobwerera ndinafunsa kuti bwanji sanadikire mawa, poti akanakhala mfulu. Alamu anafotokoza mawu ali pansi, opanda ukali wa dzulo. Lamulo limati timu yako yokha ndiyo ingakupatse zaka zisanu ndi zitatu, yachilendo imalekezera pa zisanu ndi ziwiri. Ndiye wasaina ndi Toronto kaye, pamenepo n'kumusamutsira ku Vegas ndi kontrakiti yakeyo. Iye wapeza chaka chowonjezera, Toronto yapezako wosewera wapakati, Nicolas Roy, wa $3 miliyoni pachaka, m'malo motsala chimanjamanja. Anatinso ku Nevada, ngati ku Florida, boma la chigawo silidula msonkho pa malipiro, pamene ku Ontario munthu wa ndalama zambiri chotere amadulidwa kupitirira theka pa ndalama zapamwambazo. Choncho 12 wa ku Vegas ndi wonenepa kuposa 12 wa ku Toronto.

"Ndiye mwasangalala, alamu? Simuja mumafuna apite?"

Sanayankhe. Anakweza wailesi, kenaka anaizimitsa. Kumbuyo mwana anatsamira galasi ngati wagona. Kuyambira St. Catharines mpaka kunyumba m'galimoto munali zii, achemwali okha akufunsa ngati wina akufuna nthochi.

Lachiwiri, 1 July

Tsiku la Canada, tchuthi, mbendera za tsamba lofiira pa khonde lililonse. Ndimayesa tipita kokaona zionetsero. Alamu anakhala pa kanema kuyambira m'mawa, chifukwa 12 koloko masana msika wa osewera opanda kontrakiti umatsegulidwa. Amuna ovala masuti anakhala pa tebulo lalitali tsiku lonse, aliyense mafoni awiriawiri, kudikira kuti wina asaine.

Msika wake unali wouma. Anthu omwe alamu amawalota, Sam Bennett ndi Brad Marchand, onse anatsala ku Florida, pamodzi ndi Aaron Ekblad. Marchand, wazaka 37, wapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo izi alamu azinena mwina kakhumi lero. Toronto ili ndi ndalama m'manja koma woti imugule palibe. Mkulu wa basi analowa, n'kunena kuti chaka chamawa kuli mnyamata wa ku Yukon, Gavin McKenna, yemwe aliyense akumutchula kuti adzakhala woyamba. Anayamba kukangana za mnyamata wa zaka 17 yemwe draft yake ili kutali chaka chathunthu.

Usiku tinapita ku paki kukaona makombola a zikondwerero. Mwana anavala malaya wamba.

Lachitatu, 2 July

Achemwali anandituma zogula, ndipo alamu anati tikagule ku Carlton Street ngakhale n'kutali. Nyumba yake ndi ya njerwa zachikasu, yomangidwa mu 1931, Maple Leaf Gardens, komwe Leafs amasewera mpaka 1999. Pansi pake pano ndi sitolo ya zakudya. Alamu ananditsogolera pakati pa mashelefu mpaka pa kadontho kofiira kojambulidwa pansi, pomwe panali pakati pa bwalo. Anaimapo ndi basiketi ya anyezi m'manja. Mayi wina wa ngolo anadikira pang'ono, kenaka anawapempha kuti apatuke.

Mawa m'mawa ndikwera sitima kupita ku Ottawa, ndiye madzulo ndimalongedza. Mwana analowa m'chipinda atapinda jezi ija bwinobwino.

"Amalume, mukapatse munthu ku Malawi. Ku Vegas avala 93, iyi yatha ntchito."

Ndinamuuza kuti kwathu palibe amene adzadziwe dzinalo, adzangoona kuti ndi malaya abwino a mu June. Anati n'chifukwa chake. Ndinaiika pansi pa chikwama, pamwamba pake chijasi cha ku Tsoka.

Cha m'ma 11 koloko, nyumba yonse itagona, ndinamva kugogoda. Alamu, atavala kabudula wogonera. Anaima pakhomo kanthawi akukanda m'mutu, n'kuyamba kufunsa ngati ndapeza tikiti ya sitima, ngati ndikudziwa potsikira. Ndinati zonse zili bwino.

"Jezi ija, alamu. Ndinaigula ndine, pa tsiku lake lobadwa. Inadula."

Ndinatsegula chikwama n'kuwapatsa. Anaifunyulula, n'kuyang'ana kumsana kwake, n'kuipindanso molakwika.

"Musamuuze mwanayo."